Kwa achemwali amene mukuti mumadziwonongera nokha dayeti

Achemwali, mwalemba kuti chaka chilichonse mumayamba dayeti mu Januwale, mumasiyiratu nsima ndi shuga, makilo 7 kapena 8 amachoka, koma pofika nyengo yozizira onse amakhala atabwerera, ena ataonjezekerapo. Mwatinso chimene chikukupwetekani mtima kwambiri n'chakuti sikelo ikangoyamba kusangalatsa, m'pamene mumapezeka muli pa chiwaya kapena mwagula mandasi, ndiye mukufunsa ngati muli ndi vuto lodzida nokha. Ndikuyankheni motalikirapo chifukwa ndemanga zambiri zimene mwalandira zikungoti "limbani mtima", pomwe kulimba mtima muli nako kale. Munthu wofooka sangathe miyezi iwiri akudya zimene mwatchulazo.

Taonaninso zimene mwati mumadya mukakhala pa dayeti: tiyi wopanda shuga m'mawa, apulo masana, kabichi wowiritsa madzulo. Imeneyo ndi njala, achemwali, ndipo thupi la munthu limayankha njala mofanana kulikonse. Mu 1944 ndi 1945, wasayansi Ancel Keys wa pa yunivesite ya Minnesota ku America anatenga amuna athanzi 36 amene anadzipereka okha, n'kuwachepetsera chakudya pafupifupi ndi theka kwa masabata 24. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Koma chimene chikukhudza inu ndi zimene zinachitika m'mutu mwawo. Amuna amene kale chakudya sichinkawadetsa nkhawa anayamba kulota zakudya, kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Atawalola kudya mmene akufunira, ena ankadya mpaka kudwala koma osamva kuti akhuta, ndipo patapita miyezi ingapo mafuta m'thupi mwawo anaposa amene anali nawo asanayambe. Amunawa sankadzida. Anali ndi njala basi.

Chifukwa chake chili m'magazi. Muli homoni ina yotchedwa ghrelin, yochokera m'mimba, imene imauza ubongo kuti nthawi yodya yakwana, ndi ina yotchedwa leptin, yochokera m'mafuta a m'thupi, imene imauza ubongo kuti nkhokwe ili bwino. Mukaonda mofulumira, yoyambayo imakwera, yachiwiriyo imatsika. Ofufuza a ku Melbourne ku Australia analemba mu 2011 za anthu 50 amene anawaika pa dayeti yokhwima ya masabata 10. Patatha chaka chathunthu, mahomoni a njalawo anali asanabwerere m'malo mwake, ndipo anthuwo ankamvabe njala kuposa kale. Komanso thupi limachepetsa mphamvu zimene limagwiritsa ntchito. Mu 2016, wasayansi Kevin Hall ndi anzake analemba za anthu 14 amene anapikisana nawo pa pulogalamu ya pa TV yochepetsa thupi ya The Biggest Loser. Pa avereji aliyense anataya makilo 58, koma patatha zaka 6 makilo 41 anali atabwerera, ndipo matupi awo ankawotcha makalori (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 500 ochepera pa tsiku poyerekeza ndi mmene zimayenera kukhalira pa munthu wa msinkhu ndi kulemera kumeneko. Ndiye mukamati sikelo ikasangalatsa m'pamene mumagwa, n'zomveka. Nthawi imeneyo ndi imene thupi lakhala pa njala kwautali ndipo likukuwa kwambiri.

Dziwaninso kuti makilo oyambirira amene amachoka mukasiya nsima, mbali yaikulu amakhala madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayo imasunga pafupifupi magalamu 3 a madzi. Mukasiya zokhutitsa, nkhokwe imeneyi imatha, madziwo n'kutuluka. Mukadzadya nsima pa ukwati Loweruka, Lolemba sikelo imakwera ndi kilo imodzi kapena ziwiri. Si mafuta amenewo. Koma anthu ambiri akaona nambala imeneyo amataya mtima n'kusiya zonse.

Apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo, pa maganizo akuti "ndawononga kale". Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu ku ofesi, mnzanu wabweretsa keke ya tsiku lake lobadwa. Mwakana kawiri, kachitatu mwalandira kachidutswa. Kachidutswa kameneko pakokha sikangasinthe chilichonse pa thupi lanu. Koma m'mutu mumabwera mawu akuti lero lapita kale, ndiyambiranso Lolemba. Poweruka mwaima pa chiwaya, tchipisi ndi nkhuku. Loweruka mandasi anayi ndi tiyi wa mkaka. Lamlungu madzulo mukudya ngakhale zimene simukuzifuna kwenikweni, chifukwa mawa lamulo likuyambiranso ndiye bola mutsanzikane nazo. Chimene chakunenepetsani si keke ija ayi, ndi masiku awiri ndi theka otsanzikana ndi chakudya aja. Katswiri wa za maganizo Peter Herman anaonetsa zimenezi kale mu 1975. Anapatsa atsikana a ku koleji chakumwa chotsekemera cha mkaka, kenako n'kuwauza kuti alawe ayisikilimu mmene angafunire. Amene sanali odziletsa pa kadyedwe, atamwa chakumwacho anadya ayisikilimu wochepa chifukwa anali atakhuta. Odziletsa aja anachita zosiyana: atamwa chakumwacho anadya wambiri kuposa anzawo odziletsa amene sanamwe kalikonse. Lamulo likakhala lakuti "osakhudza n'komwe", likangosweka pang'ono palibenso chimene chimakugwirani.

Palibe amene amatentha nkhokwe yonse chifukwa choti chimanga chimodzi chafumbwa. Mukadya keke masana, mgonero wa tsiku lomwelo ukhale wa masiku onse, osadikira Lolemba. Ndipo chonde, musamalipire ngongole podzimana chakudya mawa lake. Anthu ambiri akadya kwambiri usiku, m'mawa sadya, masana sadya, pofika 4 koloko manja akunjenjemera, ndiye chilichonse chimene chili pafupi chimalowa. Kudzilanga kumeneko n'kumene kumakonza kugwa kotsatira.

Palinso mbali ina imene mabuku a kunja satchula kawirikawiri, koma ife timaidziwa. Kwathu kuno munthu akanenepa amamuyamikira kuti akusungidwa bwino. Akaonda, mafunso amayamba. "Kodi mukudwala?" "Kunyumba kuli bwinobwino?" Ena sakufunsani n'komwe, amangonong'onezana za matenda mukadutsa, chifukwa zaka zimene Edzi inkatha anthu zinatisiyira mantha amenewo. Apongozi akaona mwatenga mtanda umodzi amaganiza kuti mwanyoza chakudya chawo. Mwina bambo a kunyumba nawonso amayamba kufunsa kuti mukuondera ndani. Zonsezi zimafika pa nthawi imodzimodzi imene thupi layamba kuoneka kuti lasintha, yomwe ija mukuti mumadziwonongera. Dzifunseni moona mtima kuti nthawi yomaliza imene munasiya, ndani ananena chiyani sabata imeneyo. Ngati pali mawu amene anakulasani, konzeranitu yankho lalifupi limene simudzafunika kuliganizira. "Ndili bwino, ndikusamala BP ndi shuga" limatseka pakamwa anthu ambiri, chifukwa banja lililonse masiku ano lili ndi wina amene akuvutika ndi matenda amenewa. Kwa apongozi, landirani chakudya, yamikirani ndiwo, onjezerani masamba, ndipo mtanda wachiwiri muukane mwaulemu.

Tsopano za m'mbale. Ine ndikuti nsima musaisiye. Munthu amene wakula ndi nsima sangaisiye moyo wake wonse, ndipo dongosolo limene simungalitsatire moyo wanu wonse lidzatha tsiku lina, makilo n'kubwerera. Ngati mumadya mitanda itatu, bwerani pa iwiri kwa mwezi wathunthu, kenako muone ngati umodzi ndi theka ukukwanirani. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera chifukwa gaga amakhala momwemo. Theka la mbale likhale masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, therere, chilichonse chimene chili pa msika nyengo imeneyo. Pa chakudya chilichonse pakhale chomanga thupi, kaya nyemba, nandolo, usipa, matemba, mazira kapena soya, chifukwa zimenezi n'zimene zimachedwetsa njala, komanso zimateteza minofu kuti isamathe pamodzi ndi mafuta. M'mawa idyani chinthu chenicheni, mbatata yophika ndi dzira, kapena phala la mgaiwa la nsinjiro.

Pamene pamabisala zambiri ndi m'botolo la mafuta ophikira ndi m'kapu. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ambirife sitiyeza, timangopendeketsa botolo mpaka pansi pa poto patanyezimira. Yesani kuthira ndi supuni kwa sabata imodzi, mudzaona nokha kusiyana kwake, ndipo banja lonse silidzadandaula. Botolo la Coca-Cola la 500 ml lili ndi shuga wokwana magalamu 53, amene ndi masupuni a tiyi pafupifupi 13, pomwe bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 pa tsiku lonse. Muonjezerepo masupuni atatu a m'tiyi wa m'mawa, atatu a madzulo, sikwashi wa ana amene mumamwako, thobwa lothira shuga. Zakumwa sizikhutitsa, ndiye kuzichepetsa sikubweretsa njala ija imene yakhala ikukugwetsani. Kukanakhala kuti mukufuna kusintha chinthu chimodzi chokha mwezi uno, ndikanati yambirani pamenepa.

Ndipo mandasi mumawakondawo apatseni malo. Sankhani tsiku, gulani limodzi kapena awiri, khalani pansi, idyani ndi tiyi anthu akuona. Chakudya chimene mwachiloleza sichikhala ndi mphamvu ngati chimene mumadya mobisa m'galimoto kapena kukhitchini ana atagona.

Tulo natonso tili m'nkhaniyi. Ofufuza a ku yunivesite ya Chicago analemba mu 2004 kuti atagoneka anyamata maola 4 okha pa usiku kwa masiku awiri, ghrelin inakwera ndi 28 peresenti, leptin n'kutsika ndi 18 peresenti, chilakolako cha zotsekemera ndi zokhutitsa n'kukula. Ngati mumagona pakati pa usiku muli pa foni n'kudzuka 4 koloko kukonzekeretsa ana, njala ya masana ija mbali ina ikuchokera pamenepo.

Cholinga chanu nachonso chionedwenso. Simunanene kuti mukufuna kufika pati, koma ambiri timafuna thupi la tisanabereke, ndipo tikalephera kufikapo timaona ngati zonse zapita pachabe. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Gulu lina analipatsa cholinga chochepetsa thupi ndi 7 peresenti yokha ndi kuyenda mwandawala mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa munthu wa makilo 90, 7 peresenti ndi makilo 6 okha ndi kakusiyana pang'ono. Ndiye kuti makilo 7 kapena 8 amene mumataya chaka chilichonse aja ndi okwanira kale kusintha thanzi lanu. Ntchito imene simunaiphunzire ndi yowasunga kuti asabwerere. Ulendo uno tsikani pang'onopang'ono, theka la kilo pa sabata kapena kucheperapo, ndipo mukataya makilo 5, imani dala kwa miyezi iwiri kapena itatu, mukudya moti sikelo isakwere komanso isatsike. Anthu amaona ngati kuima kumeneko n'kutaya nthawi, koma m'pamene mumaphunzira kadyedwe kamene mudzakhale nako zaka zikubwerazi. Mphindi 150 zija ndi theka la ola masiku asanu, ndipo sizifuna jimu. Kutsika minibasi siteji imodzi musanafike kwanu kumawerengedwa.

Za matiyi ndi makapisozi ochepetsa thupi amene ena akutsatsa m'ndemangamu, ndikupemphani muwasiye. Matiyi ambiri otere amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba, ndiye chimene chimachoka ndi madzi ndi chimbudzi, mafuta ali pomwepo. M'mayiko angapo, akuluakulu oona za mankhwala akhala akupeza mankhwala ochepetsa thupi otchedwa sibutramine atabisidwa m'makapisozi ena otchedwa achilengedwe, chonsecho mankhwala amenewa anachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko.

Ngati muli pa jakisoni wolera wa Depo, pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, pa mankhwala ena a matenda a maganizo kapena pa prednisolone, dziwani kuti kwa anthu ena mankhwalawa amathandizira kunenepa. Musawasiye panokha ngakhale tsiku limodzi, koma kafotokozeni kuchipatala kuti aone chimene angachite, ndipo mukayezetseko shuga ndi BP muli komweko. Komanso ngati kudya kwa Loweruka ndi Lamlungu kuja kumafika poti simungathe kuima ngakhale mukufuna, kapena mumadzisanzitsa pambuyo pake, kapena mumamwa mankhwala otsegula m'mimba kuti zituluke, limenelo ndi vuto la thanzi limene lili ndi chithandizo chake. Muuzeni dokotala momveka ngati mmene mwalembera muno.

Sabata ino musayambe dayeti iliyonse. Tengani kope, muzilemba nthawi imene mwadya, chimene mwadya, ndi mmene mumamvera musanadye: njala, kutopa, mkwiyo kapena kusowa chochita. Musasinthe kalikonse, muzingolemba. Ikatha sabatayo mubwere mutiuze makamaka zimene zimachitika pakati pa nkhomaliro ndi mgonero, komanso kuti kunyumba amaphika ndani, kuti tithandizane kukonza dongosolo logwirizana ndi khitchini yanu ndi thumba lanu.