Ngwazi zakuda zilipo, koma cholembera chili ndi ndani?

Achemwali, mwafunsa ngati m'makomiki muli ngwazi zakhungu lakuda, poti mnyamata wanu anakana kupaka chekeni chabulauni pankhope ya ngwazi yomwe anajambula, ati ngwazi sikhala choncho. Zilipo ndithu, ndipo sizinayambe dzulo.

Black Panther anaonekera koyamba mu 1966, mu komiki ya Fantastic Four nambala 52. Anamupanga ndi Stan Lee ndi Jack Kirby, azungu a ku New York. Chaka chomwecho ku Oakland kunayamba chipani chomenyera ufulu wa anthu akuda cha Black Panther Party, ndipo dzinalo linawaotcha m'manja a Marvel, kampani yosindikiza makomikiwa, moti mu 1972 anayamba amusinthako kukhala Black Leopard. Sizinapite patali, anabwerera dzina lakale.

Koma ine pomwe pamandivuta ndi pa Storm wa m'gulu la ngwazi la X-Men, yemwe anabwera mu 1975. Ndimamukonda, musandimve molakwa. Kungoti mukatsegula buku loyambalo mupeza ali ku Kenya, anthu akumupembedza ngati mulungu wamvula, kenaka pakutulukira mzungu, Professor X, kudzamuuza kuti si mulungu ayi, atsagane naye ku America. Nkhope ndi yathu, koma Africa wake ndi wongomva m'maluwa. Olembawo anali ndi mtima wabwino mwina, koma kwathu kuno samakudziwa.

Zinthu zimasintha mwini khungu akagwira yekha cholembera. Mu 1993 Dwayne McDuffie, Denys Cowan ndi anzawo anatsegula kampani ya Milestone, n'kutulutsa Static, mnyamata wapasukulu wanthabwala zake. Mu 1998 Christopher Priest atayamba kulemba Black Panther ndi pomwe T'Challa (dzina lenileni la Black Panther) anakhala mfumu yochenjera, yodziwa ndale. A Dora Milaje aja, amayi ometa mpala omwe tinawaombera m'manja mufilimu ya Black Panther ya 2018, anayambira m'mabuku ake. Mufilimu imeneyo munalinso malemu Connie Chiume ngati m'modzi wa akuluakulu a pabwalo la mfumu, ndipo bambo awo anali ochokera ku Malawi. Chinenero cha ku Wakanda, dziko longopeka la Black Panther, mufilimumo ndi Chixhosa.

Ena m'gulu muno akuti zonsezi ndi bizinesi chabe, makampani angoona kuti anthu akuda nawonso ali ndi ndalama. N'zoona mbali ina, Marvel si mpingo. Koma mwana wazaka 7 za phindu la kampani sizimukhudza. Iye amangoona Miles Morales, Spider-Man wa 2011, akuvula chigoba kumaso, n'kupeza tsitsi lofanana ndi lake.

Ndiye musathere pa Marvel. Ku South Africa kuli Kwezi wa Loyiso Mkize, ku Lagos kampani ya Comic Republic ili ndi Guardian Prime. Pafupi pompa, Malenga Mulendema wa ku Zambia anapanga katuni ya Supa Team 4 yomwe inatuluka pa Netflix mu 2023: atsikana anayi apasukulu, mtsogoleri wawo Mama K, nkhani yonse ikuchitikira ku Lusaka. Si komiki ya papepala, koma kwa msinkhu wa mnyamata wanuyo ine ndikanayambira pomwepo. Bando ikavuta, ngakhale zithunzi zawo zokha muoneseni pafoni, kenaka mumubwezere chekeni chabulauni chija muone ngati akanenso.