Mwana wanga amakhalira kukonza mapu a ndege za pakompyuta

*"Mwana wanga wa ku sekondale amatha maola akukonza mapu kuti malo azioneka bwino mu FlightGear, pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege. Kodi si kutaya nthawi kumeneku?"*

Mayi, musafulumire kumuletsa. Mufunseni kaye kumene amakonzera mapuwo.

FlightGear, yomwe ndi yaulere, siyeza dziko yokha. Mapiri ndi zigwa zimachokera makamaka ku SRTM, miyeso ya kutalika kwa malo imene chombo cha mumlengalenga cha Endeavour chinatenga ndi radar mu February 2000. Nyumba, misewu ndi nthambo za magetsi zimatengedwa ku OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kukonza, n'kuimikidwa ndi chida chotchedwa osm2city. Ngati mwanayo amakonza ku OpenStreetMap, ndiye kuti akugwira mapu enieni amene anthu ena amayendera, ndipo ayenera kuchita mosamala.

Pa mapulogalamu okonzera mapuwa, ayambe ndi iD ya pa webusaiti, akazolowera asamukire ku JOSM. Asanajambule kanthu, ayerekeze chithunzi cha setilaiti ndi njira za GPS zimene ena anaikamo kale, chifukwa chithunzi chimatha kusendera mamita angapo, nyumba zonse n'kukathera mumsewu. Akazungulira nyumba adinde Q kuti ngodya ziwongoke, kenako alembe building=house, building:levels=2 ndi roof:shape=gabled (kutanthauza nyumba yokhalamo, ya nsanjika ziwiri, ya denga lotsetsereka mbali ziwiri) ngati ndi momwe ililidi. Akasiya chiwerengero cha nsanjika, osm2city imangolota kutalika kwake. Nyumba yaitali imaoneka yopendekera pachithunzi, choncho ajambule denga koma alikokere pamene pali maziko. Asanatumize ayendetse Validator, chida chofufuza zolakwika cha mu JOSM, imagwira misewu yosalumikizana ndi nyumba zokwerana.

Pali ziwiri zimene zingamuipitsire mbiri. Kukopera ku Google Maps n'koletsedwa, ndipo zokoperazo zimafufutidwa. Chinanso n'kunama kuti malo akongole, monga kulemba nkhalango pamene pali mitengo isanu. Asadabwenso akaona kuti zimene wakonza lero sizikuoneka mawa mu FlightGear, zimadikira kuti malowo amangidwenso.

Mabwalo a ndege ali ndi njira yawoyawo, fayilo ya apt.dat, imene ambiri amakonza ndi WorldEditor, chida cha X-Plane, pulogalamu ina yoyeserera kuulutsa ndege. Manambala a malo amakhala a WGS84, dongosolo limene GPS imagwiritsa ntchito, ndipo kungoiwala kamzere ka minus kumaponya bwalo kutsidya lina la dziko.

Za ntchito tisanamizane, zimenezi sizimusandutsa woyendetsa ndege. Zikumukonzekeretsa GIS (kusunga ndi kusanthula za malo pa mapu a pakompyuta), kuyeza malo, kupanga mapu ndi kusanthula zithunzi za setilaiti. Alimbikire masamu, jogalafe ndi fizikisi, aphunzire QGIS (pulogalamu ya GIS, nayonso yaulere) ndi Python, chilankhulo cha pakompyuta chimene osm2city inalembedwera. Zonse zimene wakonza ku OpenStreetMap zimasungidwa poyera pa dzina limene analembetsa, moti pofunsira maphunziro kapena ntchito angathe kuzionetsa. Inu mungomuikira malire a nthawi, ayambe wamaliza ntchito ya kusukulu.