EGR inandigoneka pa Chiweta

Achimwene, utsi wakudawo ndi kumwa mafuta kwa galimoto yanu mukunenako musathamangire kugula ma injector, aja opopera dizilo mu injini, chonde. Hilux yanga ya D-4D inayamba chonchi, makaniko wina anangomvera injini ndi khutu osayika ngakhale pa kompyuta nkunena kuti ma injector afa, ndinagula onse anayi ndalama ya sukulu fizi ya ana, utsi osasiya, akuti ndiye kuti ndi turbo bwana. Munthu uja mpaka lero ndikamuona mtima umawawa.

Tsiku lomwe sindidzaiwala ndinkachokera ku Karonga nditanyamula matumba a mpunga, usiku, mvula ikugwa. Nditayamba kukwera Chiweta galimoto inangofooka, ndaponda mpaka pansi koma ikukana, giya 2 kenako giya 1, utsi kumbuyo bii moti magetsi a thanka yomwe inkanditsatira sindimawaonanso bwino, dalaivala wake akuliza hutala ndipo mumadziwa makhona aja mulibe poyima. Inazima pakhona penipeni. Mayi a kunyumba anatsika mvula ili pamutu kukasaka miyala yoyika kumateyala, mwana akulira m'kati, tinagona pompo mpaka kunja kuche. Ndinamuimbira makaniko uja kasanu osayankha.

Ku Mzuzu mnyamata wina anangomasula EGR, valavu yobweza utsi mu injini, ndi manifold, njira yolowera mpweya mu injini, nkundionetsa. Mwaye wosakanikirana ndi oyilo unali utauma ngati phula, bowo lolowera mpweya latsala loti chala chimodzi, valavu itakanirira chotsegula. Ntchito ya EGR ndi kubweza utsi pang'ono wa ku ekisozi mu injini kuti moto usatenthe kwambiri, apo mpweya woipa uja wa NOx umachepa. Imagwira kwambiri mukamayenda pang'onopang'ono, mukaponda mwamphamvu imayenera kutseka kuti injini ipume mpweya wabwino wokhawokha. Ndiye ikakanirira chotsegula injini ikupuma utsi wake womwe, dizilo sakupsa yense, mphamvu palibe, inu mukupondabe kwambiri, mafuta akuthera pamenepo. Ndi mizere ya pa filling station yomwe timagonapo ija zimapweteka. Anatsuka tsiku limodzi galimoto inabwerera mwakale, ma injector anga akale aja analibe vuto lililonse.

Komabe musangoti ndi EGR chifukwa ine ndanena, yambani mwaona air filter ndi sensa ya mpweya ija ya MAF, nthawi zina ndi ma injector enieni. Ena mu gulu muno akuuzani kuti ingotsekani EGR ndi kachitsulo, ine sindikulimbikitsa, pa magalimoto ena nyali yochenjeza ya check engine imayaka ndipo utsi umenewo timapuma ndi ife tomwe, ngakhale kunena zoona usiku wa pa Chiweta uja akanandipatsa kachitsuloko ndikanatseka pompo. Ngati mumangoyenda m'tauni muzitulukako pa M1 injini itenthe bwino, ndipo makaniko akamamasula muyime pomwepo muone ndi maso anu.