Kwa mayi amene mwafunsa za achifwamba a mfuti m'masitolo

Mayi, choyamba pepani kwambiri. Ndawerenga kawiri zimene mwalemba, zoti munali pamzere wolipira ndi mwana wanu pamene anyamata awiri analowa ndi mfuti n'kulamula aliyense kuti agone pansi, ndiponso zoti mpaka lero mwanayo amakana kulowa m'sitolo iliyonse. Mwafunsa zinthu ziwiri: kodi wogula angadziteteze bwanji, nanga n'chifukwa chiyani anthu oterewa sangonyongedwa kuti anzawo atengerepo phunziro? Ambiri akuyankhani kale kuti aziphedwa basi. Mkwiyo umenewo ndikuumvetsa, chifukwa nanenso ndinagwirapo ntchito pakauntala zaka zingapo, ndipo ndikudziwa mmene mtima umagundira munthu akalowa usiku atabisa nkhope. Komabe ndisiyana nawo maganizo, ndipo chondisiyanitsa nacho ndi chimodzi: ndikufuna kuti tsiku ngati limenelo likadzabweranso, inu ndi mwana wanu mudzatuluke muli amoyo.

Tisasakanize milandu. Munthu amene walowetsa sopo m'thumba n'kuzemba walakwa, koma sangafanane ndi amene waloza mfuti pamphumi pa kashiya. Wachiwiriyu waika moyo wa aliyense m'sitolomo pachiswe, ngakhale asawombere. Amasiya anthu akulota zoopsa kwa miyezi, ena amasiya ntchito, ena ngati mwana wanuyo amaopa ngakhale khomo la sitolo. Ameneyu ayenera kukhala kundende zaka zambiri, ndipo pamenepo sindinyengerera. Ku England lamulo limalola woweruza kupereka ukaidi wa moyo wonse pa mlandu wolanda mwachiwawa. Ku Florida, m'dziko la America, anakhazikitsa lamulo mu 1999 loti wotulutsa mfuti pochita mlandu waukulu akhale zaka zosachepera 10, akawombera zikhale 20, ndipo akavulaza kapena kupha munthu zikhale 25 mpaka moyo wonse. Ena amalidzudzula kuti limamanga manja oweruza, ndipo ali ndi mfundo. Chomwe ndikufuna muonepo ndi makwerero akewo: chilango chikukwera malinga ndi zomwe munthuyo wachita ndi mfutiyo.

Makwerero amenewa ndiwo amateteza munthu amene wagona pansi. Taganizirani wachifwamba amene akudziwa kuti akagwidwa anyongedwa, kaya wapha kaya sanaphe. Watenga ndalama, akutuluka, ndiye waona kuti mayi wina wamuona nkhope. Chomuletsa kuwombera n'chiyani, poti chilango chake n'chimodzimodzi? Mboni yamoyo ingamupachikitse, yakufa siyankhula. Nkhaniyi si yatsopano. Montesquieu, katswiri wa malamulo wa ku France, analemba mu 1748 kuti ku Russia, kumene wakuba ndi wakupha ankalandira chilango chofanana, akuba ankapha nthawi zonse, pomwe ku China, kumene zilangozo zinkasiyana, ankaba koma osapha. Mawu ake mwina anali okokomeza, koma nzeru yake ndi yoona mpaka lero. Ndikamva anthu akuti onse aphedwe, ine ndimaganiza za kashiya amene waona nkhope ya wachifwambayo.

Ndipo njira yonyongayi inayesedwapo. Dziko la Nigeria litangotuluka m'nkhondo yapachiweniweni mu 1970, boma la asilikali linalamula kuti olanda ndi zida aziphedwa. Ankawamangirira n'kuwawombera poyera pagombe la Bar Beach ku Lagos, anthu zikwizikwi akuonerera. Ishola Oyenusi, wachifwamba wotchuka wa nthawiyo, anaphedwa choncho mu 1971. Kodi umbanda unatha? Patapita zaka 15, Lawrence Anini ndi gulu lake anasautsa mzinda wa Benin City mpaka dziko lonse linkangokamba za iye, ndipo naye anaphedwa mu 1987. Anyamata amene anakula akuona anzawo akuwomberedwa pagulu ndi omwewo anadzatola mfuti.

Chifukwa chake n'chakuti wachifwamba sawerengera zaka za ukaidi akamalowa m'sitolo. Ofufuza awiri, Richard Wright ndi Scott Decker, anacheza ndi achifwamba a zida 86 mumzinda wa St. Louis ku America, anthu amene sanali m'ndende ndipo ankachitabe zimenezi, n'kusindikiza zomwe anapeza mu 1997. Ambiri mwa iwo ankafuna ndalama zamwamsanga zoti amwere, agulire mankhwala ozunguza bongo kapena atchovere njuga, ndipo za kugwidwa ankazichotsa dala m'mutu. Munthu woteroyo kumuuza kuti zaka zakwera kuchoka pa 15 kufika pa 30 sikumutembenuza, chifukwa mumtima mwake akuti sagwidwa. Chimene chimamubweza ndi kuona kuti anzake atatu amene anayesa mwezi watha onse ali m'chitokosi. Cesare Beccaria wa ku Italy ananena zimenezi kale mu 1764, kuti chilango chotsimikizika, ngakhale chocheperako, chimaopsa kuposa chilango choopsa chimene munthu akuyembekeza kuchizemba. Akatswiri a masiku ano monga Daniel Nagin, ataunika kafukufuku wa zaka zambiri, anafika pa mfundo yomweyo. Timakonda kunena kuti wakuba fote imamukwanira, koma fote ija siyikwana yokha, pamafunika anthu oikwaniritsa.

Apa ndi pamene mkwiyo wathu uyenera kupita. Pitani m'masitolo ambiri mukafunse ngati makamera awo akujambuladi. Ena anawonongeka kalekale, angotsala ngati zokongoletsa, ena analoza kudenga kapena amangotenga chipewa cha munthu osati nkhope. Eni sitolo ena sakanena n'komwe kupolisi poopa kuti makasitomala akamva athawa. Mboni zimatopa mlandu ukaimitsidwa kasanu, zina zimaopa chifukwa woganiziridwa uja watuluka pabelo ndipo akuzidziwa kumene zimakhala. Mfuti ikagwidwa, kangati pamene amafufuza kuti inachokera kwa ndani? Mfuti imodzi imabwerekedwa n'kugwira ntchito pa milandu yambirimbiri, ndipo wobwereketsayo amadya nawo ali phee kunyumba. Ameneyo ndi wofunika kumusaka kwambiri. Lamulo lokhwima lolembedwa papepala, pomwe olakwa ambiri sakufika n'kukhoti komwe, limangotipusitsa kuti tachitapo kanthu.

Eni sitolo nawo ali ndi udindo waukulu, ndipo zoyenera kuchita zinadziwika kalekale. Mu 1975 kampani imene inali ndi masitolo a 7-Eleven inagwirizana ndi ofufuza ku California, n'kuitanitsa anthu amene kale anali achifwamba kuti awauze chimene chimawakopa pa sitolo. Mayankho ake anali osavuta: ndalama zambiri m'dirowa, mawindo otchingidwa ndi zikwangwani zotsatsa malonda moti wodutsa panja sangaone zam'kati, mdima pabwalo, njira yothawira yosavuta. Atakonza zimenezi m'masitolo ena n'kusiya ena momwemo, milandu yolanda inatsika ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse m'masitolo okonzedwawo. N'chifukwa chake masitolo ena amalemba pakhomo kuti m'dirowa mulibe ndalama zambiri, amaponya ndalama m'bokosi lachitsulo lomwe kashiya sangalitsegule, ndipo amaika mzere woyezera msinkhu pafelemu la chitseko kuti mboni idziwe kutalika kwa wothawayo. Mzinda wa Gainesville ku Florida unafika pokhazikitsa lamulo mu 1986 loti masitolo ang'onoang'ono otsegula usiku azikhala ndi antchito awiri. Ine zimandipweteka kuona mtsikana atasiyidwa yekha pakauntala pakati pa usiku ndi ndalama za tsiku lonse, pofuna kupulumutsa malipiro a munthu mmodzi.

Tsopano za inu wogula. Munachita bwino kugona pansi n'kukumbatira mwana, ndipo musalole aliyense akuuzeni kuti munachita mantha. Wolanda amafuna kulowa ndi kutuluka m'mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo nayenso amakhala akunjenjemera, mwinanso ataledzera. Choopsa kwambiri ndi kumudzidzimutsa. Manja anu azioneka, musapise m'thumba kapena m'chikwama musanauzidwe, ndipo ngati mukufuna kusuntha, mwachitsanzo kuti mukoke mwana, nenani kaye mofatsa. Akafuna foni kapena chikwama, perekani. Musamuyang'anitsitse m'maso, musatulutse foni kuti mujambule, ndipo akatuluka musamuthamangitse, chifukwa panja pamakhala mnzake amene simunamuone. Ngati maso angathe kuba pang'ono osadziika pangozi, gwirani zinthu zimene sangazisinthe msanga: msinkhu, mayendedwe, mawu, chipsera, nsapato. Jekete amalivula pakona, koma nsapato kawirikawiri amathawa nazo. Akapita, musagwire kauntala kapena chitseko chimene anagwira, ndipo lembani zomwe mwaona musanayambe kukambirana ndi anzanu, chifukwa anthu akayamba kufotokozerana, aliyense amatengera za mnzake ndipo umboni umasokonekera.

Pali kusiyana kumodzi kofunika kukudziwa. Ngati munthuyo sakufuna ndalama koma akungowombera anthu, monga zinachitikira pamalo ogulitsira malonda a Westgate ku Nairobi mu 2013 kapena m'sitolo ya Walmart ku El Paso, ku America, mu 2019, kugona poyera sikuthandiza. Pamenepo thawani ngati njira ilipo, siyani katundu yense, ndipo ngati palibe pothawira bisalani n'kuzimitsa kulira kwa foni. Ndi chizolowezi chabwino mukalowa m'sitolo yaikulu kuponya diso n'kudziwa kumene kuli khomo lina.

Wina wayankha kuti eni sitolo ndi alonda onse apatsidwe mfuti. Bambo, ganizirani chipinda chodzaza ndi amayi ndi ana, mashelefu opyapyala amene chipolopolo chimangobowola, ndiye anthu awiri amantha akuwomberana. Komanso mfuti ikakhala pansi pa kauntala siyidikira wachifwamba yekha. Mu 1991 ku Los Angeles, mtsikana wa zaka 15, Latasha Harlins, anawomberedwa kunkhongo ndi mwini sitolo amene ankamuganizira kuti akuba botolo la juwisi. Mwanayo anafa ndalama yolipirira ili m'manja. Chimodzimodzi gulu likagwira munthu n'kuyamba kumumenya: nthawi zina amakhala wolakwika, ndipo ngakhale akhale wolakwadi, amafa ndi mayina a anzake ndi a mwini mfuti, amene mawa alowa m'sitolo ina.

Palinso phompho lina. Anthu akakwiya, andale amathamangira kukhwimitsa zilango zonse mosasankha. Ku California, pansi pa lamulo la 1994 lokhudza olakwa kachitatu, Leandro Andrade anapatsidwa zaka 50 mpaka moyo wonse chifukwa choba matepi a mafilimu a ndalama pafupifupi madola 150, wopanda chida chilichonse, ndipo khoti lalikulu la dziko la America linavomereza chilangocho mu 2003. Anthu a ku California eni ake anavota kuti lamulolo lifewetsedwe mu 2012. Malo a m'ndende ndi nthawi ya makhoti n'zochepa. Zikathera pa woba matepi, woloza mfuti uja mlandu wake umangoimitsidwa.

Mwana wanuyo musamukakamize, koma musamusiyenso kuti mantha amere mizu. Muloleni afotokoze zomwe anaona m'mawu akeake, ngakhale abwereze kakhumi, ndipo mumuuze kuti anachita bwino kukhala chete. Yambani naye pang'onopang'ono, masana, m'sitolo yaing'ono, kwa mphindi zochepa, dzanja lake lili m'dzanja lanu. Ngati papita mwezi akulotabe zoopsa, akukodzera pogona pomwe anali atasiya, kapena sakufuna kusiyana nanu, kaonaneni ndi aphungu kapena achipatala. Inunso mudziyang'anire, chifukwa amayi ambiri amalimba mtima chifukwa cha mwana n'kudzagwa pambuyo pake.

Mwalemba kuti apolisi anatenga nambala yanu koma mukukayika zopita kukapereka umboni. Mantha amenewo ndi omveka. Auzeni poyera kuti mukuopa, afunseni mmene angakutetezereni, pitani ndi munthu wina wamkulu wokuperekezani, ndipo tengani dzina la wofufuza ndi nambala ya mlanduwo kuti muzitha kufunsa pamene wafika. Ngati mungathe, funsaninso kashiya uja kuti ali bwanji. Mfuti ija inaloza iyeyo, ndipo mwina mawa lake anauzidwa kuti abwerere pakauntala pomwepo.