N'zotheka, taonani Michaela Coel

Achimwene, n'zotheka ndithu sewero la pasiteji kufika pa TV. Michaela Coel, wolemba komanso wochita zisudzo wa ku London, anayambira komweko. Mu 2012 analemba Chewing Gum Dreams, n'kumalisewera yekhayekha, ndipo mu 2015 linasanduka Chewing Gum pa E4, tchanelo cha TV cha ku Britain, n'kumupezetsa mphoto ziwiri za BAFTA, zomwe amapereka ku Britain kwa ochita bwino pa TV ndi mafilimu.

Koma chimene ndimamugomera nacho n'chakuti anakana madola 1 miliyoni a Netflix chifukwa ankamumana gawo la umwini wa sewero lake lina la pa TV, I May Destroy You. Anakagwira ndi BBC ndi HBO, mu 2021 n'kupata Emmy, mphoto ya pa TV ya ku America, chifukwa cha kalembedwe ka seweroli.

Ine sewero langa ndinagulitsa mopupuluma, pangano osaliwerenga n'komwe. Mpaka lero akuliseweretsa, ine osaona ngakhale tambala. Akakupatsani pepala loti musaine, kaonetseni kaye loya wodziwa malamulo a umwini wa zolemba.