Galu wa Karakachan sangapulumukire pa tcheni

Bambo wina wanditumizira imelo. Ali ndi agalu awiri a mtundu wa Karakachan, wamkazi ndi wamwamuna, a bere limodzi, ndipo akufunsa ngati angawakweretse kuti mtunduwu usathe. Bambo, mtima wanu ndi wabwino, koma chonde musatero.

Galuyu ntchito yake ndi kulondera nkhosa, ndipo kwawo ndi kumapiri a ku Bulgaria. Dzina analitengera kwa Akarakachan, abusa oyendayenda omwe ankakwera ndi nkhosa kumapiri nyengo yotentha, kukazizira n'kutsikira kuzigwa. M'zaka za m'ma 1950 boma la chikomyunizimu litalanda ziweto za anthu n'kuziika m'mafamu a boma, agaluwa anasowa ntchito ndipo ambiri anaphedwa. Otsalawo ndi amene bungwe la ku Bulgaria loteteza zachilengedwe la Semperviva linayamba kuwafunafuna m'ma 1990, kuwaswetsa, n'kumapereka ana awo kwa abusa a kumadera kumene mimbulu ndi zimbalangondo zimagwira nkhosa. Anawapereka kwa abusa, osati kwa ofuna galu wa pakhonde.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa, ndipo zimandiwawa. Amaona ubweya wautali ndi mutu waukulu, n'kuyesa kuti mtundu ndi maonekedwe. Ena anafika posakaniza galuyu ndi agalu akuluakulu a kwina, monga a ku Caucasus, kuti azioneka woopsa pa zionetsero. Galu wolemera mopitirira sangatsate nkhosa paphiri tsiku lonse. Chimene tikusunga ndi khalidwe: galu wogona pakati pa nkhosa, wodzutsa mutu akamva kaphokoso kuthengo, woti kamwana ka nkhosa kamuponde pamsana iye osakaluma. Khalidwe limeneli silioneka pa galu womangidwa pa tcheni, ndiye mungadziwe bwanji woyenera kubereka?

Za pachibale ndiye zoopsa. Ana obadwa kwa galu ndi mlongo wake amakhala ndi mlingo wa 25 peresenti wa kuswana pachibale, ndipo ngati makolowo agawana kholo limodzi lokha ndi 12.5 peresenti. Matenda obisika m'magazi amatulukira, ana amabadwa ochepa ndi ofooka. Mphongo imodzi yotchuka yokwera akazi onse imawononganso chimodzimodzi, chifukwa m'badwo wotsatira onse amakhala apachibale.

Nanga muchite chiyani

Funani mphongo ya magazi ena, yoti inu mwaiona ikugwira ntchito m'khola. Wamkaziyo adikire akwanitse zaka ziwiri, ndipo onse awiri dokotala wa ziweto awajambule ekisireyi ya m'chiuno, popeza agalu akuluakulu amavutika ndi mfundo za m'chiuno zosagwirana bwino. Bere limatenga masiku pafupifupi 63. Aberekere m'khola kuti ana akule akumva fungo la nkhosa. Akakwana masabata 8, atalandira katemera woyamba ndi mankhwala a njoka za m'mimba, aikeni pamodzi ndi nkhosa zofatsa, muwasiyire kangodya kothawirako zikawagunda. Akapitirira masabata 16 asanazolowere nkhosa, amakonda anthu ndipo amasiya ziweto n'kubwerera kunyumba. Pakati pa miyezi 5 ndi 10 amayamba kuthamangitsa tiana ta nkhosa mosewera. Aletseni pomwepo, asanalawe magazi. Galu wodalirika amakhwima pa miyezi 18 mpaka 24. Lembani m'buku makolo a mwana aliyense ndi khola limene wapita.