Mwafunsa: Kodi wojambula abakha uja anali ndani?

Funso: Akulu, mchemwali wanga amakhala ku Melbourne ndiye ananditumizira pa WhatsApp katuni ya kamunthu kamphuno yaikulu kakuyenda ndi bakha, pansi pali kandakatulo kakafupi, akuti mwiniwake atamwalira anthu kumeneko anadandaula zedi. Anali ndani ameneyu, nanga wamakatuni chabe mpaka kumulira chonchi?

Yankho: Achemwali, mwandifika pamtima chifukwa ineyo ntchito za bambo ameneyu ndimazikonda kwabasi. Ndi Michael Leunig, anabadwira ku Melbourne komweko, m'dziko la Australia, mu 1945 ndipo anatisiya pa 19 Disembala 2024 ali ndi zaka 79. Bambo ake ankagwira ntchito kophera nyama, nayenso anagwirako komweko ali mnyamata, ndipo atamuitana ku usilikali nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam anamubweza poti khutu limodzi silinkamva.

Iye mwini ankasimba kuti mu 1969 amayenera kujambula za nkhondo imeneyo koma mmalo mwake anajambula munthu atakwera bakha, tipoti ili pamutu, basi njira yake inayambira pomwepo. Anzake amalimbana ndi nkhope za andale, iyeyu ndale ankazigunda ndithu koma mtima wake unali pa kamunthu wamba kotopa, kosungulumwa, koima pakhomo usiku nkumayang'ana mwezi. Mizere yake imakhala yonjenjemera ngati wajambula mwana, mawu ochepa olembedwa pamanja, nthawi zina kapemphero, koma ukawerenga umangoti zii, ngati wina wakuona mkati. Nchifukwa chake anthu ankadula makatuniwo mu nyuzi ya The Age nkumamata pa filiji. Mu 1999 bungwe la National Trust linamuika m'gulu la anthu amoyo omwe ndi chuma cha dziko la Australia.

Sindikubisirani, anakhumudwitsaponso ambiri. Katuni ya 1995 ya khanda losiyidwa kosamalira ana inawapweteka amayi apantchito, ndipo ya 2021 yotsutsa katemera wokakamiza inamuchotsetsa pa tsamba la ndemanga la Lolemba, apa ine sindinagwirizane naye ngakhale pang'ono. Mu 2024 nyuziyo inasiyana naye patatha zaka 55, miyezi yochepa asanamwalire, izi zimandiwawabe.

Auzeni achemwali anuwo akutumizireninso za Mr Curly ndi Vasco Pyjama, anthu awiri a m'makatuni ake, muyambire pa makalata omwe awiriwa ankalemberana.